Mayeso a oyendetsa ndege amayambira kuno kumudzi

Ana a ku Fíngoè, Malowera, Chiputo ndi Chipera amaidziwa ndege ngati kadontho konyezimira kodutsa m'mitambo, kosiya mzere woyera kumbuyo kwake. Bwalo lalikulu la ndege m'chigawo chathu ndi la Chingodzi mumzinda wa Tete, ndipo ambiri mwa ife sitidapondepo. N'chifukwa chake mwana akanena kuti akadzakula adzayendetsa ndege, akuluakulu amangoseka, ena n'kumuuza kuti amenewo ndi maloto a chumba.

Komatu palibe amene adabadwira m'ndege. Oyendetsa ndege amachita kusankhidwa pakati pa anyamata ndi atsikana amene amaliza sukulu ya sekondale, ndipo zimene amawayesa powasankha n'zodziwika. Amayesa thanzi, masamu, Chingerezi, changu cha maso ndi manja, komanso khalidwe. Zambiri mwa zimenezi mwana angayambe kuzikonzekera ali konkuno ku Marávia, popanda kholo kugulitsa ngakhale mbuzi imodzi.

Kodi kadeti ndani?

Pali njira ziwiri zophunzirira kuyendetsa ndege zonyamula anthu. Yoyamba ndi yodzilipirira wekha kusukulu ya ndege, monga 43 Air School ya ku Port Alfred m'dziko la South Africa. Ndalama zake zimafika m'mamiliyoni a meticais, choncho mlimi wa chimanga, thonje kapena fodya sangazikwanitse. Njira yachiwiri ndi ya ukadeti. Apa kampani ya ndege imaitana achinyamata amene sadagwirepo chiwongolero cha ndege, n'kuwayesa, ndipo opambana imawatumiza kusukulu. Kawirikawiri kadeti amasaina pangano loti akamaliza adzagwira ntchito pakampaniyo kwa zaka zingapo, kapena adzabweza ndalamazo pang'onopang'ono kuchokera pamalipiro ake.

Kampani yathu ya ndege ndi LAM. Idayamba m'chaka cha 1936 ndi dzina loti DETA, ndipo dzina la LAM idalitenga mu 1980. M'chaka cha 2025 boma lidalengeza kuti magawo ake a m'kampaniyi agulidwe ndi makampani atatu a boma, CFM ya njanji ndi madoko, EMOSE ya inshuwalansi, ndi HCB, yomwe imapanga magetsi pa Cahora Bassa, nyanja imene yachita malire ndi boma lathu chakumwera. Ku Malawi, kampani ya Malawi Airlines ndi ya boma la dzikolo pamodzi ndi Ethiopian Airlines, imene ili ndi sukulu yakeyake ya oyendetsa ndege ku Addis Ababa.

Makampani otere saitana makadeti chaka ndi chaka ngati mmene sukulu zimalembera ana. Amaitana pokhapokha akafuna oyendetsa ndege atsopano, malo amakhala ochepa, opempha amachuluka, ndipo masiku operekera makalata amakhala owerengeka. Amene amayamba kukonzekera atamva kale chilengezo amakhala kuti wachedwa. Mmera m'poyamba.

Khomo loyamba: mapepala

Ambiri amagwa asadaonane n'komwe ndi wofunsa mafunso, chifukwa cha mapepala. Chofunika choyamba ndi satifiketi ya kalasi 12, ndipo osankha amayang'ana kwambiri masamu, fizikisi ndi Chingerezi. Mwana amene ali ndi cholinga chimenechi asankhe gawo la sayansi, ndipo asathawe masamu ngakhale atamuvuta.

Pambali pa satifiketi pamafunika kalata ya kubadwa, chiphaso cha Bilhete de Identidade, pasipoti, ndi kalata yosonyeza kuti munthu alibe mlandu. Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Mwana amabatizidwa dzina lina, kusukulu n'kulembetsa lina, pachiphaso n'kulembedwa mwa kalembedwe ka Chipwitikizi, chaka chobadwira n'kusiyananso. Kuofesi ya ndege chilembo chimodzi chikasiyana, kalata yonse imaikidwa pambali. Makolo, konzani zimenezi ku ofesi ya kalembera mwana akadali wamng'ono. Amene adaphunzira kutsidya, ku Zambia kapena ku Malawi, akumbuke kuti satifiketi yakunja imayenera kuvomerezedwa ndi unduna wa maphunziro wa dziko lino isadagwire ntchito kuno.

Malamulo a zaka ndi maola amachokera ku ICAO, bungwe la United Nations loona za maulendo a pandege, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Laisensi yoyamba, yongoyendetsa kandege popanda malipiro, imafuna zaka 17 ndi maola 40 a mumlengalenga. Laisensi yogwirira ntchito imafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati munthu waphunzira mosadukiza pasukulu yovomerezeka. Kuti akhale kaputeni wa ndege yaikulu, ayenera kukwanitsa zaka 21 ndi maola 1,500. Kuno kwathu woyang'anira malamulo amenewa ndi kupereka malaisensi ndi IACM ku Maputo.

Khomo lachiwiri: thupi

Woyendetsa ndege zonyamula anthu amapimidwa ndi dokotala wovomerezedwa ndi akuluakulu a za ndege, osati dokotala wina aliyense, ndipo kupimidwako kumabwerezedwa chaka chilichonse moyo wake wonse wa pantchito. Amapima mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, mapapo, maso ndi makutu. Matenda ogwetsa munthu mwadzidzidzi, monga khunyu, amatsekereza njira.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti wovala magalasi sangayendetse ndege. Zimenezo si zoona, malinga ngati magalasiwo akumuthandiza kuona bwino monga malamulo afunira. Chimene chimagwetsa anyamata ena ndi kulephera kusiyanitsa mitundu, makamaka chofiira ndi chobiriwira. Vutoli munthu amabadwa nalo, limagwira amuna kuposa akazi, ndipo ambiri amakula osadziwa kuti ali nalo. Pandege mitundu ndi chilankhulo. Kuphiko la kumanzere kumayaka nyali yofiira, kuphiko la kumanja yobiriwira, kumchira yoyera, kotero kuti usiku woyendetsa amadziwa kumene ndege inzake ikulowera pongoona nyalizo. Kuchipatala cha maso amapima vutoli ndi kabuku ka timadontho ta mitundumitundu, momwe mwabisika manambala. Mukapita ku Tete pazifukwa zina, pemphani kuti mwana apimidwe maso, kuti ngati vuto lilipo mulidziwe msanga.

Makutu nawo ndi chuma. Mnyamata wokhala tsiku lonse m'chigayo popanda chotseka m'makutu, kapena wokonda kuimirira pafupi ndi zokuzira mawu pamadansi, akuwononga makutu ake pang'onopang'ono, ndipo makutu owonongeka ndi phokoso sabwerera mwakale. Khutu lotuluka mafinya lipite kuchipatala msanga. Za chamba ndi kachasu sitichita kunena, pakuti makampani a ndege amapima zoledzeretsa m'thupi.

Khomo lachitatu: masamu a m'mutu

Wodutsa pamapepala amaitanidwa kukalemba mayeso, nthawi zambiri pakompyuta. Masamu ake si ozama kuposa a kusekondale. Chovuta ndi nthawi, chifukwa funso lililonse limapatsidwa timphindi tochepa, ndipo kawirikawiri makina owerengera saloledwa.

Nachi chitsanzo. Ndege ikuthamanga makilomita 480 pa ola. Kodi pamphindi 15 iyenda mtunda wotani? Wozolowera amaona msanga kuti mphindi 15 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a ola, ndipo yankho ndi makilomita 120. China: ndege ili ndi malita 1,500 a mafuta, imamwa malita 600 pa ola, ndipo iyenera kutera ikadali ndi malita 300 osungira ngozi. Iuluka nthawi yaitali bwanji? Chotsani 300, patsala 1,200, ndiye kuti maola awiri.

Mwana wothandiza mayi ake kugulitsa pamsika, amene amasintha makwacha a ku Zambia kukhala meticais m'mutu mwake wogula ali chiimire, wayamba kale sukulu imeneyi. Chofunika n'kuonjezera. Aloweze matebulo a kuchulukitsa, azolowere magawo ndi maperesenti, ndipo tsiku lililonse apeze mnzake womuponyera mafunso khumi akuyang'ana wotchi. Adziwenso miyezo ya m'ndege. Kutalika kwa m'mwamba amayeza ndi mafiti, ndipo mafiti 1,000 ndi mamita pafupifupi 305. Mtunda amayeza ndi mailosi a panyanja, ndipo imodzi ndi mamita 1,852.

Pali mayeso enanso a mbali za dziko. Kampasi ili ndi madigiri 360. Kummawa ndi 090, kumwera 180, kumadzulo 270, kumpoto 360. Wayang'ana kumpoto, watembenukira kumanja madigiri 90, kenaka watembenuka n'kuyang'ana kumene kudali msana wako. Kodi tsopano wayang'ana kuti? Yankho ndi kumadzulo. Ngakhale manambala olembedwa kumapeto kwa msewu woterapo ndege amachokera pakampasi. Mbali imodzi ikalembedwa 09, mbali inayo imakhala 27. Mwana wa ku Fíngoè angayeserere pabwalo la kwawo, podziwa kuti Zambia ili kumpoto, nyanja kumwera, Zumbo chakumadzulo. Aphunzirenso kuwerenga mapu a m'buku la jogalafe ataligadabuza.

Khomo lachinayi: maso, manja ndi mapazi

Mayeso amene amadabwitsa ambiri ndi a ndodo yowongolera. Pakompyuta pamaoneka kadontho kothawathawa, ndipo woyesedwa ayenera kukasunga pakati pogwiritsa ntchito ndodo ya m'manja ndi zopondera za kumapazi. Ali m'kati mochita zimenezo, m'makutu mumamveka manambala oti awakumbukire, pambali n'kuyakanso nyali yoti aizimitse. Cholinga n'kuona ngati munthu angagwire ntchito zingapo nthawi imodzi mutu wosasokonekera, chifukwa potera woyendetsa amayang'ana liwiro, kutalika ndi msewu, kwinaku akuyankha wailesi.

Osankha sayembekeza kuti munthu akhoze zonse ulendo woyamba. Amayang'ana ngati akupita patsogolo akabwereza, ndiponso ngati akalakwitsa amapitiriza modekha kapena amataya mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumudzi kulibe makina amenewa, komabe zoyeserera zilipo. Bawo imaphunzitsa kuwerenga msanga ndi kuona patsogolo. Mpira ndi njinga zimagwirizanitsa maso ndi miyendo. Mnzako akutchulire manambala asanu ndi limodzi, iwe uwabwereze chobwerera m'mbuyo kwinaku ukudunda mpira pansi. Chachikulu china n'kuzolowera kompyuta yeniyeniyo. Ndi zomvetsa chisoni kuti mwana wanzeru agwe mayeso chifukwa tsiku limenelo ndilo loyamba kuti agwire kompyuta. Paliponse pamene ipezeka, kusukulu, kumishoni kapena kwa wachibale m'tauni, apemphe kuti aigwireko.

Khomo lachisanu: Chingerezi

Kuyambira m'chaka cha 2008, malamulo a ICAO amafuna kuti woyendetsa ndege zopita kumayiko ena ayesedwe Chingerezi. Pali makwerero asanu ndi limodzi, ndipo wosafika pakhwerero lachinayi saloledwa. Sayesa kulemba nkhani yokoma ayi. Amayesa kumva ndi kumveka: katchulidwe ka mawu, kumvetsa zimene wina wanena pawailesi ya phokoso, ndi kutha kufotokoza vuto ladzidzidzi, monga wodwala m'ndege kapena mbalame yolowa mu injini.

Apa ife a m'malire tili ndi mwayi umene ana ambiri a m'kati mwa dziko alibe. Wailesi za ku Zambia ndi ku Malawi zimamveka m'madera athu ambiri, ndipo achibale a ku Petauke ndi ku Katete adaphunzira m'Chingerezi. Mwana azimvera nkhani za Chingerezi tsiku lililonse, kenaka azifotokoze mokweza m'mawu akeake. Asachite manyazi anzake akamamuseka kuti akudzichititsa. Aloweze zilembo za pawailesi ya ndege, zimene zimayamba ndi Alfa, Bravo, Charlie, Delta mpaka Zulu. Chipwitikizi nachonso asachitaye, pakuti mafunso a kampani ya kuno angabwere m'zilankhulo zonse ziwiri.

Khomo lachisanu ndi chimodzi: khalidwe

Makampani ambiri amaika oyesedwa m'magulu a anthu ochepa n'kuwapatsa vuto loti alithetse pamodzi, akuluakulu atakhala pambali n'kumalemba. Wofuula kuposa onse sapambana. Wongokhala duu sapambananso. Amafuna munthu womva za anzake, wonena maganizo ake momveka, wosunga nthawi, ndi wovomera kusintha maganizo mnzake akabwera ndi mfundo yabwino.

Mayeso amenewa adabwera chifukwa cha maliro. Pa 27 Malichi 1977, ndege ziwiri za mtundu wa Boeing 747 zidawombana pabwalo la pachilumba cha Tenerife kuli nkhungu, ndipo anthu 583 adafa. Ofufuza adapeza kuti padali kusamvana pawailesi, komanso kuti kaputeni wa ndege imodzi adayamba kunyamuka asadapatsidwe chilolezo, anzake a m'chipindamo osalimba mtima kumuletsa. Kuchokera pangozi zotere, makampani adayamba kuphunzitsa kuti wamng'ono ayenera kulankhula akaona cholakwika, ndipo wamkulu ayenera kumva.

Pamenepa pali phunziro kwa ife. Mwambo wathu umaphunzitsa mwana kuwerama ndi kukhala chete pamaso pa akulu, ndipo ulemu ndi chinthu chabwino. Koma m'chipinda cha oyendetsa ndege, ulemu wotseka pakamwa umapha anthu. Mwana aphunzire kunena kuti, "Pepani bambo, ine ndikuona kuti apa talakwitsa," mwaulemu koma mosabisa mawu. Makolo ndi aphunzitsi amene amalola ana kufunsa ndi kutsutsa mwaulemu akuwakonzera njira.

Amayesanso maganizo ndi mtima wa munthu kudzera m'mafunso ambirimbiri obwerezabwereza, ndipo nthawi zina pocheza ndi katswiri wa za maganizo. Ife a dziko lino tikudziwa kulemera kwake. Pa 29 Novembala 2013 ndege ya LAM yochokera ku Maputo kupita ku Luanda idagwa kumpoto kwa Namibia, ndipo anthu onse 33 adafa. Ofufuza a ku Namibia adapeza kuti kaputeni adaitsitsa dala atatsala yekha m'chipinda. Pamafunso otere palibe yankho loloweza. Wonama kuti aoneke wangwiro amagwidwa, chifukwa funso lomwelo limabweranso litavala malaya ena.

Pamaso pa ofunsa

Otsala amaitanidwa kukakhala pamaso pa akuluakulu awiri kapena atatu, kawirikawiri mmodzi wa iwo ali kaputeni. Funso loyamba limakhala lodziwikiratu, loti n'chifukwa chiyani ukufuna ntchito imeneyi. Kuyankha kuti ndi ya ndalama zambiri kapena kuti yunifolomu yake ndi yokongola n'kudzitsekera khomo. Amafuna kuona kuti munthu wafufuza, akudziwa mbiri ya kampaniyo, mizinda imene ndege zake zimapita ndi mitundu ya ndegezo, ndiponso akudziwa zowawa za ntchitoyi, monga kudzuka usiku, kugona kutali ndi banja, ndi kulemba mayeso mpaka kukalamba.

Angafunse chimene chimaulutsa ndege. Yankho lake lili m'buku la fizikisi: injini imakankhira ndege kutsogolo, mphepo imaikaniza, kulemera kumaikokera pansi, ndipo mpweya wodutsa pamapiko umainyamula. Amakondanso kunena kuti, "Tiuze nthawi ina pamene udalakwitsa," kapena, "pamene udatsogolera anzako pavuto." Mwana wa kumudzi asaganize kuti alibe chonena. Kuwolotsa ng'ombe pamtsinje wodzaza, kuyendetsa kwaya kapena timu ya mpira, kusamala ang'ono ake mayi ali m'chipatala, zonsezi ndi zitsanzo zabwino akazifotokoza mwadongosolo: vuto lidali lotani, iye adachitapo chiyani, zidatha bwanji, adaphunzirapo chiyani. Ngati funso silikudziwika, ndi bwino kuvomera kuti sukulidziwa kusiyana ndi kupeka. Woyendetsa ndege wopeka mayankho palibe amamufuna.

Afike tsiku limodzi mayeso asadachitike, agone mokwanira, avale zoyera ndi zosita ngakhale zikhale zakale, ndipo ayang'ane ofunsa kumaso poyankha.

Nanga ana aakazi?

M'chaka cha 2018 mayi Admira António adakhala mkazi woyamba m'dziko lino kukwezedwa kukhala kaputeni wa ndege zonyamula anthu. Mu Disembala chaka chomwecho adatsogolera ulendo wa pakati pa Maputo ndi Chimoio umene ogwira ntchito onse m'ndegemo adali akazi, wothandizana nawo kuyendetsa ali mayi Elsa Balate. Ku Malawi, mayi Yolanda Kaunda adakhala kaputeni wamkazi woyamba mu 2016. Palibe khomo ngakhale limodzi mwa amene tatchulawa limene limafunsa ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Chimene chimatsekereza atsikana athu ndi kusiyira sukulu panjira ndi kukwatiwa akadali ana.

Chenjerani ndi akathyali

Pamene pali njala ya ntchito, afisi sasowa. Pafoni pamabwera mauthenga onena kuti kampani yakutiyakuti ikufuna makadeti, tumizani ndalama pa M-Pesa kuti dzina la mwana wanu lilowe. Ena amabwera okha atavala taye, n'kumati ali ndi m'bale wawo ku Maputo. Malo a ukadeti sagulidwa kwa munthu, ndipo palibe amene angalonjeze kuti mwana apambana asadayesedwe. Chilengezo chenicheni chimatuluka m'nyuzipepala, pawailesi kapena patsamba la kampaniyo la pa intaneti, ndipo chimatchula ofesi yodziwika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanagulitse ng'ombe, funsani aphunzitsi aakulu kapena a ku ofesi ya maphunziro paboma kuti akuthandizeni kutsimikiza. Ngati ndi sukulu ya ndege yolipira, funsani ku IACM ngati laisensi yake imavomerezedwa kuno, ndipo mwana ayambe wapimidwa thupi ndalama isanatuluke.

Akalephera

Tinene zoona, mwa ofunsira ukadeti osankhidwa amakhala ochepa kwambiri, ndipo ena amagwa ulendo woyamba n'kudzapambana wachiwiri. Koma ndege siuluka ndi woyendetsa yekha. Pali amakaniko, owongolera ndege ali pansanja ya pabwalo, olosera zanyengo, ozimitsa moto ndi osamalira apaulendo. Ku Maputo kuli Escola Nacional de Aeronáutica yophunzitsa ntchito za ndege, ku Lusaka kuli ZASTI, ndipo gulu la nkhondo la mumlengalenga nalonso limaphunzitsa oyendetsa ndi okonza ndege zake.

Mwana amene wakhoza masamu ndi fizikisi, wodziwa Chingerezi ndi Chipwitikizi, wathanzi, wa mapepala olongosoka ndiponso wotha kuima pamaso pa akuluakulu n'kulankhula zomveka, sadataye kanthu ngakhale ndegeyo itamusiya. Zomwezo n'zimene amafuna ku unamwino, ku uphunzitsi, kumigodi ya ku Moatize ndi kumagetsi ku Songo. Choncho mwana wanu akadzanenanso kuti akufuna kuyendetsa ndege, musamuseke. Mufunseni kuti 17 kuchulukitsa ndi 6 ndi zingati, ndipo mawa lake muonetsetse kuti wapita kusukulu.